Chikho cha ku Waya Wofiira

Kabudula,
Lachinayi m'mawa.

Wokondedwa mlongo wanga Ronald,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Uli bwanji kumeneko ku Blantyre? Nanga mlamu wanga Pamela ndi mwana wathu Rejoice? Chifuwa chija chinakusiya? Tsiku lomaliza tinalankhulana pa foni unkatsokomola ngati wakoka chingambwe, ndipo ndinakuuza kuti utsi wa ntchito yako yowotcherera zitsuloyo udzakutha. Ndikudziwa sumamva, koma kufunsa ndafunsa.

Kuno mvula inatha bwino. Mtedza takumba, chimanga chili pa mikukwe, ndipo azakhali a Marita akukupatsa moni. Ine m'thupi mulibe vuto. Mumtima ndimo mulibe mtendere.

Ababa sali bwino. Sindizungulira: lero ndi tsiku lachinayi osaika kanthu m'kamwa kupatula madzi. Si malungo, si matenda a kuchipatala. Angosiya kudya, ndipo wachititsa ndine. Iwo sakudziwa, azakhali sakudziwa, abusa sakudziwa. Woyamba kumva ndiwe.

Ndikanakuimbira, koma ndimakudziwa. Ukangomva dzina la ababa umati netiweki yavuta, n'kudula. Zaka zisanu ndi ziwiri sunapondeko kuno, ndipo nkhani yawo suifuna. Pepala sungalidule. Kalatayi ndipatsira a Overton, amene akunyamuka masana ano ndi lole ya soya kupita ku Limbe, ndipo andilonjeza kuti mawa m'mawa akupatsa m'manja. Chonde werenga mpaka kumapeto, ukwiye pambuyo.

Ukukumbuka kuti chaka chino anandipatsa Kemisitiri wa fomu folo, mphunzitsi wake atasamutsidwa. Sekondale yathu yoyenderayi ilibe labotale. Chimene timachitcha labotale ndi kabati imodzi ya mabotolo opanda kanthu, ndipo amaphunziramo ndi makoswe okha.

M'buku la ana muli chithunzi. Zitsulo ziwiri zaviikidwa m'madzi, mawaya awiri achoka ku batire kupita ku zitsulozo, ndipo madziwo akugawika kukhala mipweya iwiri, haidrojeni ndi okosijeni. Ndinachijambula pa bolodi mwaluso ndithu. Ana anandifunsa ngati ineyo ndinazionapo ndi maso anga. Ndinati eya. Anayang'anana, ena n'kumaseka m'manja. Anadziwa kuti ndanama.

Umandidziwa kuti kusekedwa sindimakupirira. Ndinawalonjeza kuti mayeso asanafike adzaona madzi akugawika m'kalasi momwemo. Ndinatuluka ndikupsa mtima, osadziwa poyambira.

Buku limati zitsulozo zikhale za pulatinamu. Pulatinamu ku Kabudula! Ndinakafunsa mu sitolo ina pa Nsaru, mwini wake n'kuyankha kuti mbewu imeneyo sinabwere chaka chino.

Choncho ndinayamba ndi zimene tili nazo. Ndinatenga batire la sola lija la nyale ndi wailesi, ndowa ya pulasitiki, ndi misomali iwiri yaitali. Madzi okha sanachite kanthu, ndiye ndinathiramo mchere. Msomali wa ku waya wakuda unayamba kutulutsa timathovu, ine mtima m'malo. Koma wa ku waya wofiira unangoti duu. Madzi anayamba kubiriwira, kenako anakhala ngati a m'dambo ng'ombe zitadutsamo. Poutulutsa msomaliwo unali utadyeka.

Ndinayesa waya wa mkuwa. Madzi anabiriwira kuposa kale, pansi n'kudikha matope achikasu. Ndinadula zidutswa za poto wakale wa malemu amayi, panatuluka zoyera zotelera ngati phala la mwana. Ndinasenda mapensulo awiri kuti nditenge makala a m'kati. Amenewa anayesetsa, thovu linatuluka mbali zonse ziwiri, koma laling'ono moti ana makumi asanu ndi atatu sakanaliona. Fungo lake linali ngati la mankhwala a m'madzi a nthawi ya kolera, lowawa m'maso, ndipo makalawo anathetheka.

Taona, nthawi zonsezi chodyeka chinali cha ku waya wofiira. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kuganiza. Ine ndinangoti vuto ndi zitsulo zachabechabe.

Ndipamene ndinakuimbira, Lachisanu lija. Unali pa ntchito, makina akulira, ndipo unangokuwa kuti ndipeze chitsulo chosachita dzimbiri, chonyezimira. Ndisanafunse zambiri unadula.

Apa ndiye iwenso uli ndi gawo lako, usakane. Kwa iwe zitsulo zili ndi mayina ngati ana a m'nyumba, chilichonse ndi khalidwe lake. Kwa ife kuno khasu ndi chitsulo, poto ndi chitsulo, belu la tchalitchi ndi chitsulo. Tsopano ndazindikira kuti unkanena sitenilesi. Ine ndinangogwira mawuwo mmene anatulukira: chitsulo chosachita dzimbiri.

Ndinazungulira nyumba yonse. Masupuni athu a pa msika amachita dzimbiri mvula imodzi. Chikwanje, loko, mahinjesi, zonse zofiira. Ndinakhala pa khonde ndikudzifunsa kuti kodi m'nyumba muno muli chitsulo chanji chimene chibadwire changa sindinachione ndi dzimbiri. Yankho litabwera ndinachita mantha, koma silinachoke.

Wadziwa kale. Zikho ziwiri za mgonero zija, zimene amishoni anasiyira mpingo wathu, chimodzi cha mbali ya amayi, china cha mbali ya abambo. Ababa azisunga zaka makumi atatu ndi chimodzi m'bokosi la pansi pa bedi, zokulungidwa mu nsalu yoyera. Tili ana sitinkaloledwa ngakhale kukhudza bokosilo.

Kuyambira nthawi ya Kovidi mpingo unasiya kumwera chikho chimodzi. Masiku ano aliyense amalandira kakapu kake. Zikhozo zinangogona m'bokosi, palibe ankazifunsa. Ndinadziuza kuti ndi madzi chabe, ndingoviika pang'ono ndione ngati zitheka, kenako nditsuka n'kubwezera. Ndinadziuzanso kuti ndi ntchito yothandiza ana a mpingo womwewo. Satana sanavutike nane, Ronald. Ndinadzinamiza ndekha.

Loweruka ababa anapita ku msonkhano wa akulu a mpingo ku Nambuma. Kiyi amaipachikabe pa msomali wa kuseri kwa kalendala. Ndinatsegula bokosi, ndinatulutsa zikhozo, n'kupita nazo kuseri kwa khitchini. Ndinagoneka ndodo pamwamba pa ndowa, n'kupachikapo zikhozo mozondoka, milomo yake ili m'madzi a mchere. Waya wakuda ku chimodzi, wofiira ku chinzake. Sindinasankhe. Ndinangotola chimene chinali pafupi.

Chikho cha ku waya wakuda chinatulutsa thovu lochuluka, loti ngakhale wokhala kumbuyo kwa kalasi akanaliona. Ndinaomba m'manja ndekha ngati wamisala. Ndinali nditangowerama kuti ndione chinzakecho pamene ndinamva odi kumaso kwa nyumba.

Anali azakhali a Marita. Mwa anthu onse a pa dziko, azakhali, mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano, amene amachapa ndi kusita nsalu yokulungira zikho zomwezo. Mutu unaima. Ndinavundikira ndowa ndi lichero, pamwamba n'kuponyapo chitenje, ndi kuthamangira kukawalandira. Waya sindinachotse. Sindinaganizeko n'komwe.

Ukuwadziwa azakhali. Sungawauze kuti muli ndi ntchito kuseri, ndipo ukadzuka amadzuka nawe. Ndinawayalira mphasa, ndinawaphikira tiyi. Anandifotokozera za maliro awiri, za mwendo wawo, za mkamwini amene safuna kupalira, ndi za mbuzi imene inadya sopo. Ine ndinkangoti eya, eya. Atanyamuka ndinayenera kuwaperekeza, ndipo nkhani inatha titafika pa dambo. Maola awiri anadutsa.

Nditavundukula lichero ndinangoti kakasi. Madzi anali ngati ndiwo zowola. Chikho cha ku waya wakuda chinatuluka chowala monga kale, osasintha ngakhale pang'ono. Cha ku waya wofiira, mayo ine. Mbali yonse imene inali m'madzi inada, siliva atasupuka ngati khungu lopsa. Pansi pake panaonekera chitsulo chofiira chodyekadyeka, mwina n'kubiriwira. Mlomo weniweniwo, pomwera anthu, unali wokakala ngati tupa.

Ndipamene ndinadziwa kuti zikho zija si zasiliva zonse. Ndi mkuwa wokutidwa siliva pamwamba. Zaka zonsezi sizinachite dzimbiri chifukwa palibe chitsiru chinaziviika mu mchere n'kuzilumikiza ku batire.

Ndinapukuta ndi phulusa. Ndinafinyira mandimu. Ndinayesa mankhwala otsukira mano. Kulikonse kumene ndinkakhula, siliva wotsalayo ankachoka. Dzuwa litapendeka ndinazikulunga mu nsalu yake, ndinatseka bokosi, kiyi n'kuibwezera kuseri kwa kalendala. Ababa atafika ndinawalandira njinga ndi kuwapatsa madzi osamba ngati mwana wabwino.

Tamva tsono chondipweteka. Patapita masiku atatu ndinadandaulira a Zakeyu, okonza mawailesi pa Nsaru aja, osatchula za chikho. Anaseka. Anati kodi aphunzitsi mukuvutikiranji ndi zitsulo, chitsulo chilichonse chimene tili nacho kuno chikakhala ku waya wofiira m'madzi a mchere chimadyeka basi. Anatola batire la tochi lakutha, analiswa, n'kusololamo kandodo kakuda ka makala. Anati nditsuke tiwiri totere, ndipo m'madzimo ndisathire mchere koma soda wophikira therere.

Zinatheka, Ronald. Madzi anakhala oyera, thovu linakwera mbali zonse, kwina lambiri kwina lochepa, monga m'buku. Ana anaimirira pa mabenchi, anaomba m'manja, ena anandiimbira nthungululu. Ine ndinatuluka panja ngati ndikukatsokomola, n'kukalira kuseri kwa kalasi. Mabatire otero ali mbwee pa dzala lathu, ababa amataya a wailesi yawo yakale. Analipo tsiku lija, mapazi khumi kuchoka pamene ndinaika ndowa.

Milungu itatu ndinakhala chete. Ndinkadziuza kuti bokosi lija silidzatsegulidwanso, ndipo likadzatsegulidwa ndidzakhala nditapeza mawu.

Lamulungu lapitali abusa analengeza kuti Lamulungu likubwerali mpingo ukumbukira zaka makumi asanu ndi awiri chiyambire. Anati pa mgonero wa tsikulo zikho zakale zija zituluke, akulu a mpingo amwere mmenemo monga ankachitira makolo. Anaimiritsa ababa, n'kunena kuti onani munthu wokhulupirika, wasunga ziwiya za Ambuye zaka zonsezi popanda ngakhale kukalika. Anthu anaomba m'manja. Ababa anaweramitsa mutu akumwetulira.

Ndikanawauza tsiku lomwelo. Pobwerera kunyumba ndinatsegula pakamwa katatu, katatu konse panatuluka nkhani ya mtedza.

Lolemba m'mawa, ndikukonzeka kupita kusukulu, anatulutsa bokosi pa khonde kuti apukute zikho. Ndinaima pa khomo mabuku ali m'manja. Anamasula nsalu. Anatenga choyamba, n'kuchiika pambali. Anatenga chachiwiri.

Sanakuwe. Ukudziwa mmene mawu awo amamvekera akakwiya, mpaka nkhuku zimathawa. Tsiku limeneli anangochitembenuza pa dzuwa, anayendetsa chala pa mlomo wodyekawo, pang'onopang'ono, kuzungulira kawiri.

Ndinaika mabuku pansi, ndinagwada. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu kuti ndinagwadira kuulula. Ndinangoti ababa, chikhocho. Iwo anakweza dzanja n'kunena kuti ndisavutike, akudziwa kale.

Anandionetsa popindika pa tsinde lake. Anati ichi ndi cha mbali ya abambo, chimene iwo ankanyamula. Sindifuna kutokosa bala lako, koma ndiyenera kulemba zimene ananena. Anakumbutsa za nthawi imene unatenga Pamela popanda ukwati wa kutchalitchi, iwo eni n'kukakunenera kwa akulu anzawo kuti uimitsidwe mgonero. Anakumbutsa za Lamulungu lija unabwerabe n'kukhala pa benchi, iwo akuyenda ndi chikho mzere wonse, n'kukudumpha osakuyang'ana. Anati chikho chake ndi chomwechi.

Anati zikho ziwiri zinali mu nsalu imodzi, m'bokosi limodzi lokiya, nanga chimodzi chadyeka bwanji, ndiponso pa mlomo pokha? Anati zaka zisanu ndi ziwiri akhala akuyenda m'makomo mwa anthu mgonero ukayandikira, kuwauza kuti ayanjane ndi abale awo asanafike pa gome, pamene iwo mwana wawo anamutaya. Anati lamulo la mpingo linali loti uimitsidwe kwa kanthawi, koma zoti usatchulidwenso m'nyumba muno linali lamulo lawo. Anati Mulungu walankhula nawo monong'ona kwa nthawi yaitali, ndiye watopa, walemba pa chitsulo.

Kenako anati, ndi Ronald ameneyu.

Anatchula dzina lako, mlongo wanga. Zaka zonsezi m'nyumba muno wakhala uja wa ku Blantyre. Ngakhale pa manda a amayi, popemphera, ankangoti ana athu ali kutali. Ndinamva dzina lako likutuluka m'kamwa mwawo, misozi ili m'masaya mwawo, ndipo ndinatseka pakamwa panga.

Limeneli ndilo tchimo langa lachiwiri, ndipo laposa loyamba. Loyamba linali umbuli ndi matama. Lachiwiri ndinalichita maso ali gwa. Ndapempherera tsiku limeneli zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo litabwera kudzera m'ndowa yanga ndinaopa kulithamangitsa.

Kuyambira pamenepo sadya. Akuti sangadye asanakonze. Ndawaphikira phala, ndawawotchera mbatata, ndagula ndi nyama yomwe, amangothokoza n'kukankhira mbale kumbali. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, womwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku, akuwamwera m'mimba mopanda kanthu. Dzulo anachita chizungulire pafupi ndi nkhokwe n'kugwa chokhala. Azakhali analira, akuti tiwatengere kuchipatala. Iwo anakana, akuti nthenda yawo dokotala sangaipime.

Ine ndimawadzutsa, ndimawagwira mkono, ndikudziwa kuti mawu anga ochepa akhoza kuwabwezera supuni m'manja. Kodi ukuona mmene ndagwirira njakata? Usandifunse ngati ndikudya ine.

Palinso china. Loweruka masana akulu a mpingo akumana kukonzekera mwambo. Ababa akuti apita nacho chikhocho, akachiika pa tebulo, akawauza kuti Mulungu wawadzudzula ndi chizindikiro, ndipo atula pansi ukulu wawo. Tangoganiza. Pofika Lamulungu nkhani idzakhala itafika ku Mpingu, anthu adzabwera kudzaona chikho chozizwitsa, ena adzati ndi ufiti n'kuyamba kuloza nyumba za anthu. Munthu amene sananamepo pa bwalo la mpingo adzanena bodza akulira, bodza lake lili langa. Zimenezo sindingalole.

Ndiye ndatsimikiza. Loweruka m'mawa, asanavale jekete, ndiwauza zonse: batire, mchere, lichero, zonse. Ndiwauza kaya wabwera kaya sunabwere. Akafuna kundinenera kwa akulu anzawo monga anachitira iwe, andinenere. Ndikaima ndekha pamaso pa abusa, ndi pamaso pa azakhali omwe, zimene zikundiopsa kuposa abusa.

Koma ndikuopa chinthu chimodzi, ndipo n'chifukwa chake ndikukulembera. Ababa ndimawadziwa, iwenso umawadziwa chifukwa makani ako unatengera iwo. Akadzamva kuti chizindikiro chawo chinali batire la sola, manyazi adzawagwira. Adzaona ngati analira pachabe pamaso pa mwana wamkazi. Adzadya, inde, koma chitseko chimene chatseguka pang'onochi adzachitseka ndi mpiringidzo, ndipo sindikhulupirira kuti zaka zatsala zokwanira kuti chidzatsegukenso.

Ukafika ndisanalankhule, nkhani ndi ina. Adzakhala atakuona kale, atakugwira dzanja, atanyamula mdzukulu wawo. Zimenezo sangazibweze, ngakhale atakwiya chotani.

Ndikudziwa zimene ukunena pano. Ukuti ndiye wandiitana ndi chikho, osati iwo. Ukuti pakanapanda uchitsiru wa Jessie bwenzi ukadali uja wa ku Blantyre. Mwina n'zoona. Inenso ndadzifunsa zomwezo mpaka mutu kuwawa.

Koma tamvera. Batire linadya siliva, sindikukana. Koma batire silidziwa dzina lako. Silidziwa za benchi ija, silidziwa kuti anakudumpha. Munthu wina akanaona chikho chodyeka akanati chinyontho chalowa m'bokosi, kapena akanandiitana ine n'kundifunsa bwinobwino, pakuti kiyi timaidziwa ndife awiri. Iwo sanafunse. Anangochiona kamodzi n'kutchula iwe. Dzinalo linali pakhosi pawo nthawi yonseyi, ine ndowa yanga yangolitsomoletsa.

Sindikuti unalakwa kuchoka. Ndinalipo tsiku lija, ndinaona mmene unatsalira manja ali m'mwamba kudikira chikho chimene chinapitirira. Ndinachita manyazi m'malo mwako, ndipo ndinakhala chete. Ukuona kuti kukhala chete ndinayamba kale. Ndikhululukire pa zimenezonso.

Ndikukufunanso ngati mmisiri. Ine ndikawafotokozera za waya wofiira adzati ndikuwanamiza kuti adye. Iwe ukagwira chikhocho n'kuwauza kuti uwu ndi mkuwa, uyu ndi siliva, mchere ndi magetsi zimachita chonchi, adzamva, chifukwa ngakhale sanena amadziwa kuti zitsulo umazidziwa. Geti limene unawotcherera pa tchalitchi amalipaka penti okha chaka chilichonse, salola wina.

Undiuzenso zoona ngati chikhochi chingakonzeke. A Zakeyu ndinawafunsa mozungulira, ndipo anati m'tauni alipo anthu amene amakuta zitsulo ndi siliva pogwiritsa magetsi omwewo, kungotembenuza mawaya. Kodi n'zoona zimenezi? Ndikudziwa kuti pofika Lamulungu sizingatheke. Koma ndikufuna podzagwada pamaso pa mpingo ndidzakhale ndi chonena choposa pepani.

A Overton akakupatsa kalatayi, usadikire kuti uganize, chifukwa iwe ukayamba kuganiza umakwiya. Pempha kuntchito, uwauze kuti bambo ako akudwala, si bodza. Ukakwera basi ya m'mawa, ku Lilongwe ufika masana, ndipo minibasi za ku Nsaru zimapezeka mpaka madzulo. Pa Nsaru ukwere njinga yamoto. Msewu anaupala, si uja unausiya. Nyumba sinasunthe, kungoti mtengo wa mango wa pakhomo unagwa ndi mphepo, usasochere.

Tsopano ndikuuze chimene ndasungira kumapeto. Kalatayi si ine ndinaiyambitsa. Lero m'mawa ababa anandiitana, n'kundiuza kuti ndisapite kusukulu, nditenge pepala ndi cholembera ndilembere mlongo wanga, chifukwa iwo dzanja likunjenjemera. Pamene ndikulemba pano ali pa khonde, pa mpando wawo wa ndalema uja, afunda bulangeti dzuwa lili phwee. Akuganiza kuti ndikulemba mawu awo okha. Andifunsa kawiri kuti kodi mawu ochepa aja akutenga masamba angati. Ndawayankha kuti cholembera chikuvuta. Bodza limeneli likhale lomaliza.

Mawu awo ndi awa, sindinawonjezere kapena kuchotsa:

"Ronald mwana wanga, ndinakulakwira. Bwera ndi mpongozi wanga ndi mwana, ndidzadye nanu."

Mpongozi wanga. Ndinawafunsa ngati ndilembe choncho kumene, ndipo anandiyang'ana n'kunena kuti kodi Chichewa ndasiya kumva. Uwerengere Pamela mzere umenewu, ndi wake.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze kuti chipinda chako chija ndasesa ndipo ndayala mphasa yatsopano. Rejoice umuuze kuti azakhali ake ali ndi mtedza wambiri, ndiponso kuti agogo ake sanamuonepo koma tsiku limene anabadwa amalidziwa. Moni kwa anzako a kuntchito ndi onse okusungani kumeneko. Ambuye akuyendetseni bwino pa msewu, ndipo afewetse mutu wakowo monga afewetsera wa ababa amene unatengera.

Mwezi uno ndavundikira zinthu zambiri, Ronald, ndipo chilichonse ndinachipeza chitaonongeka. Pano ndangovundikira phala lawo pa tebulo, la tsiku lachinayi. Bwera udzavundukule.

Ndine mlongo wako wolakwa, amene akukudikira pa msewu,

Jessie